Kumufunsa kapena kugwira naye ntchito: njira ziwiri zotapira nzeru za katswiri

Pa kampani iliyonse imene yakhalitsa pamapezeka munthu mmodzi kapena awiri amene aliyense amathamangirako zinthu zikathina. Mwina ndi manijala, mwina ndi mkulu wa amakanika, mwinanso ndi mayi wa mu ofesi ya za ndalama amene wakhala pa desiki yomweyo zaka zambirimbiri. Zambiri zimene anthu otere amadziwa sizinalembedwe paliponse. Tsiku limene adzapume pa ntchito, kapena kupeza ntchito kwina, nzeruzo zidzatuluka nawo pa geti. Eni makampani akhala akuliopa tsiku limeneli kuyambira kalekale, koma m'zaka za m'ma 1980 anayamba kukhulupirira kuti mankhwala apezeka. Ankati nzeru za katswiri zingathe kutapidwa iye asanachoke, n'kuikidwa m'makina kuti zizigwirabe ntchito mwiniwake kulibe.

Povuta panali pa katapidwe kake. Chapakati pa zaka zomwezo makampani awiri anakumana ndi vutoli, ndipo aliyense anatenga njira yakeyake. Ku America, kampani ya Campbell Soup inaitana munthu kuti akhale pansi ndi katswiri wake n'kumamufunsa mafunso. Ku Japan, wantchito wa kampani ya Matsushita anavala epuloni n'kukaima pambali pa katswiri, manja ali mu ufa. Njira ziwirizi zilipobe mpaka lero, ndipo bungwe lililonse lofuna kusunga nzeru za antchito ake limatsamira ku imodzi mwa izo, kaya likudziwa kaya ayi.

Campbell Soup, imene likulu lake lili ku Camden m'chigawo cha New Jersey, imaphika supu n'kumuika m'zitini. Chitini chikatsekedwa chimayenera kutenthedwa kwambiri, mpaka madigiri 121 kapena kuyandikira apo, kuti tizilombo toyambitsa matenda a botulism tifiretu. Poizoni wa tizilombo timeneti amapha, choncho pa ntchito imeneyi munthu sanganene kuti bola pang'ono. Kutenthako kumachitikira m'makina aatali mamita oposa 20, mmene zitini zikwizikwi zimayenda pa tcheni nthawi imodzi. Zimadutsa m'madzi, kulowa m'chipinda cha nthunzi, n'kutulukira m'madzi ena oziziritsa, ndipo kulemera kwa madziwo ndi kumene kumatsekereza nthunzi kuti isathawe. Kutentha kukatsika, tcheni ikaima, madzi akaphwa kapena kusefukira, pafunika munthu wogamula msanga kuti vuto lili pati, komanso ngati zitini zimene zili m'katimo zipulumuke kapena zitayidwe.

Amene ankawadziwa makinawa kuposa wina aliyense anali Aldo Cimino, yemwe anagwira ntchito pa kampaniyo zaka zoposa 40. Amisiri a m'mafakitale ankakonza okha zovuta zing'onozing'ono, koma zikawakanika ankamuimbira lamya, ndipo nthawi zina ankachita kunyamuka kupita komweko. Atayandikira kupuma, kampaniyo inagwirizana ndi Texas Instruments, imene inatumiza katswiri wa mapulogalamu a kompyuta. Kwa miyezi ingapo munthuyu ankafunsa funso limodzi lomweli m'njira zosiyanasiyana: nanga chakuti chikachitika mumatani? Mumayamba kuyang'ana pati? Mukapeza kuti apo pali bwino, mumalowera kuti? Yankho lililonse linkasanduka lamulo la mbali ziwiri, lakuti ngati zinthu zili chonchi ndi chonchi, ndiye kuti vuto lingakhale apa, chitani chakuti. Ntchito yotere simatha ndi ulendo umodzi. Wolemba amapita kukalemba malamulo, n'kubwera nawo kuti katswiri awayese, ndipo kawirikawiri katswiri amakumbukira zimene anaiwala kutchula pokhapokha akaona pulogalamu ikuyankha zolakwika. Pamapeto pake panatuluka malamulo oposa 150, m'pulogalamu yoyenda pa kompyuta wamba ya pa desiki. Mmisiri wa pa fakitale ankayankha mafunso ake limodzilimodzi, iyo n'kumulozera poyenera kuyang'ana.

Mapulogalamu a mtundu umenewu, otchedwa expert systems, sanayambire ku Campbell. Pa yunivesite ya Stanford, Edward Feigenbaum ndi anzake anayamba kuwapanga m'zaka za m'ma 1960. M'zaka za m'ma 1970 pomwepo panatuluka MYCIN, pulogalamu ya malamulo mazana angapo yothandiza madokotala kusankha mankhwala a matenda a m'magazi. General Electric nayo inachita chimodzimodzi ndi injiniya wake wamkulu wodziwa kukonza mitu ya sitima za pamtunda. Feigenbaum yemweyo anachenjeza msanga kuti ntchito yonseyi imachedwera pamalo amodzi, pochotsa nzeru m'mutu mwa katswiri. Kompyuta inali yokonzeka kulandira, koma pakamwa pa katswiri pankatuluka pang'onopang'ono.

Nkhani ya ku Japan inachitika cha mu 1985 ku Osaka. Mainjiniya a Matsushita Electric, kampani imene masiku ano imatchedwa Panasonic, ankapanga makina ophikira buledi pakhomo. Ankafuna kuti munthu athire ufa, madzi, yisiti ndi zina madzulo, m'mawa apeze buledi wapsa. Koma buledi ankatuluka wopserera kunja, m'kati asanapse. Anazindikira kuti vuto lili pa kakandidwe ka ufa, mpaka anajambula ndi X-ray ufa wokanda ndi makina ndi ufa wokanda ndi manja a akatswiri kuti aone posiyana, koma zithunzizo sizinawauze kanthu.

Apa ndi pamene Ikuko Tanaka, mayi wolemba mapulogalamu pa kampaniyo, anabwera ndi maganizo ena. Ku Osaka International Hotel kunkatchuka buledi wokoma kuposa kwina kulikonse mumzindamo, ndipo iye anapita kukaphunzira ntchito kwa mkulu wa ophika buledi kumeneko. Ankayang'ana, kutsanzira, kukanda yekha, kuyang'ananso. Patapita nthawi anaona chinthu chimene palibe anachitchulapo: mkuluyo pokoka ufa ankaupotolanso. Tanaka anabwerera kwa mainjiniya ndi mfundo imeneyi, ndipo anatha pafupifupi chaka akuyesa izi ndi izi, kufikira anaika timizere totukuka m'kati mwa mphika wa makinawo kuti tizigwira ufa pamene kachitsulo kokandira kakuzungulira. Ufa unayamba kukokeka ndi kupotoka monga m'manja mwa wophika uja. Makinawo anatuluka mu 1987, ndipo m'chaka choyamba anagulidwa oposa theka la miliyoni. Nkhaniyi inafala dziko lonse kudzera mwa Ikujiro Nonaka, amene anailemba mu 1991 n'kudzaifotokozanso mwatsatanetsatane mu 1995 pamodzi ndi Hirotaka Takeuchi.

Makampani onse awiri anapeza chimene ankafuna, choncho sitinganene kuti njira ina ndi yolondola, ina ndi yolakwika. Chofunika ndi kuona zimene iliyonse imapeza ndi zimene imaphonya.

Wofunsa amalandira zokhazo zimene katswiri angathe kuzinena. Tanaka akanapita ndi kope ndi cholembera n'kufunsa wophika uja chinsinsi chake, akanamva za ufa wabwino, za madzi, za kutentha kwa uvuni, zonsezo zoona. Za kupotola sakanazimva, chifukwa n'kutheka kuti mwiniwakeyo sankadziwa kuti amatero. Michael Polanyi, wasayansi wobadwira ku Hungary amene anadzasanduka woganiza mozama za nzeru za munthu, anatsindika mu 1966 kuti gawo lalikulu la luso limakhala m'manja, m'maso ndi m'makutu, mwiniwake osatha kulifotokoza ndi mawu. Funsani mayi aliyense kuti amadziwa bwanji kuti phala lafika pothira ufa kuti ayambe kuvundula nsima, adzakuyankhani kuti umangoona. Sakukubisirani kanthu. Yankho lake lili m'dzanja logwira mthiko, ndipo mwana wake amaliphunzira ataima pambali pa moto.

Palinso msampha wina. Abale awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Hubert ndi Stuart Dreyfus, ananena mu 1986 kuti katswiri ukamukakamiza kutchula malamulo amene amatsata, amabwerera ku zimene anaphunzitsidwa ali wongoyamba kumene, zimene anasiya kale kudalira. Amakupatsa yankho laudongo, lomveka bwino, koma si mmene iye amagwirira ntchito lero. Pulogalamu yomangidwa pa mayankho otere imakhala ndi nzeru za wophunzira wakhama, pomwe kampani ikuganiza kuti yasunga nzeru za katswiri.

Nanga ku Campbell zinatheka bwanji? Zinatheka chifukwa cha mtundu wa ntchitoyo. Makina otenthera zitini ali ndi mapaipi amene ali ndi mayina, mageji amene amaonetsa manambala, ndi zifukwa zimene munthu angazitsate ndi chala kuchokera pa chizindikiro kukafika pa gwero la vuto. Ntchitoyo ili ndi malire, ndipo mavuto ake amabwerezabwereza. Pamalo otere kufunsa kumabala zipatso zambiri, ndipo amene sanafunse ndiye amadya phula. Pamene luso lili m'kagwiridwe ndi m'kaonedwe, monga pa ufa uja, pafunika kudekha kwa woona maso a nkhono.

Tikabwera pa mtengo ndi kafalikidwe, kufunsa kumapambana. Malamulo a Cimino atangolembedwa, zinali zotheka kuwatumiza ku mafakitale onse, n'kumagwira ntchito usiku ndi usana m'malo angapo nthawi imodzi, chinthu chimene mwiniwake sakanatha. Wophunzira poonerera ndi munthu mmodzi, amatenga miyezi kapena zaka, ndipo akamaliza nzeruzo zangosamuka m'mutu umodzi kupita m'mutu wina. Nayenso angadwale, angachoke, angatengedwe ndi kampani ina. Katswiri mmodzi sangaimike anthu makumi awiri pambali pake n'kuwaphunzitsa onse bwino. Komabe tisanamizane kuti kufunsa n'kotsika mtengo. Munthu amene nzeru zake zikufunika kwambiri ndi yemwenso ali wotanganidwa kwambiri pa kampani, ndipo ola lililonse limene wakhala m'chipinda akuyankha mafunso ndi ola limene sali pa makina.

Pa nkhani yopeza zolakwa, mbali iliyonse ili ndi mphamvu yake ndi chilema chake. Lamulo lolembedwa limaonekera poyera. Injiniya wina angaliwerenge n'kunena kuti apa sizili choncho, ndipo lingakonzedwe tsiku lomwelo. MYCIN inkatha kufunsidwa kuti n'chifukwa chiyani ikufuna kudziwa chakuti, iyo n'kuonetsa lamulo limene ikutsata. Woonerera alibe mwayi umenewu. Amatengera zonse, zabwino ndi zizolowezi chabe, ndipo sadziwa kuti mwa zinthu makumi asanu zimene katswiri amachita ndi ziti zimene zikukometsa buledi. Chaka chimene Tanaka ndi mainjiniya anatha akuyesa chinali chaka chopeta, kulekanitsa mbewu ndi mankhusu. Koma pulogalamu ya malamulo nayo ili ndi vuto loopsa: ikafika pa nkhani imene malamulo ake sanaiganizire, siizindikira kuti yafika pa malire. Imayankhabe molimba mtima monga kale. Katswiri weniweni, ndi wophunzira amene anakhala naye nthawi yaitali, amamva m'thupi kuti izi n'zachilendo, n'kuima kaye. Kudziwa poimira kumeneku n'kovuta kwambiri kukulemba ngati lamulo.

Ndiye pali kukalamba kwa nzeru. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha kampani ya makompyuta ya Digital Equipment Corporation. Makompyuta ake a VAX ankagulitsidwa mogwirizana ndi zofuna za wogula aliyense, ndipo kulakwitsa posankha zida, monga kuiwala chingwe kapena kuika zinthu zosagwirizana, kunkadya ndalama zambiri. John McDermott wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon anafunsa akatswiri a kampaniyo n'kulemba pulogalamu ya R1, imene inadzatchedwa XCON, ndipo inayamba ntchito mu 1980. Inathandiza kwambiri, moti pofika mu 1986 ankawerengera kuti ikupulumutsa madola pafupifupi 25 miliyoni pa chaka. Koma inayamba ndi malamulo mazana ochepa n'kufika poposa 10,000 kumapeto kwa zaka khumizo, ndipo pafupifupi theka la malamulowo linkasinthidwa chaka ndi chaka chifukwa zida zatsopano sizinkaleka kutuluka. Panafunika gulu lonse la anthu ongosamalira pulogalamuyo, ndipo kusintha lamulo limodzi kunkatha kusokoneza ena amene palibe ankawaganizira. Kampani imene inkafuna kusadalira akatswiri ochepa inapezeka ikudalira akatswiri ena, odziwa pulogalamuyo. Makampani ambiri amene analibe ndalama zotere anangosiya mapulogalamu awo kufota, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene chidwi cha expert systems chinazilalira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Munthu wophunzira poonerera sakalamba mwa njira imeneyi, chifukwa pamodzi ndi mayankho amatengeranso kafufuzidwe ka katswiri, ndipo makina akasintha iye amasintha nawo.

Pofika apa wina angaganize kuti nkhani ya buledi yapambana, koma nayo ili ndi poterera. Mu 2007 ofufuza awiri, Rodrigo Ribeiro ndi Harry Collins, anaibwereza nkhaniyi, ataphika okha buledi ndi manja komanso ndi makina. Iwo anati luso la wophika uja silinalowe m'makina ayi. Chimene chinalowa ndi kayendedwe kamodzi ka manja, kamene chitsulo chingathe kutsanzira popanda kumvetsa kanthu. Zina zonse, monga kusankha ufa, kuyeza madzi, kuona ngati buledi watuluka bwino, zinatsala m'manja mwa munthu wogwiritsa ntchito makinawo ndi mwa amene analemba malangizo ake. Mfundo yawo ndi yoona, ndipo ikukhudzanso Campbell. Pulogalamu ya Cimino inkadalira mmisiri wodziwa kuwerenga geji, kumva phokoso lachilendo, ndi kuyankha mafunso ake molondola. M'nkhani zonse ziwiri makina anatenga chigawo chabe, ndipo chigawocho chinagwira ntchito chifukwa chinazunguliridwa ndi anthu aluso.

Tiyeneranso kuona kuti njira ziwirizi zimakumana pakati. Zimene Tanaka anaona zikanathera m'manja mwake akanapanda kuzisandutsa mawu ndi miyeso imene mainjiniya akanatha kugwiritsa ntchito. Nayenso wofunsa sangafunse zanzeru ngati sakudziwa kanthu za ntchitoyo, chifukwa funso labwino limachokera pa chinthu chimene waona n'kudabwa nacho. Tanaka sanali wophika buledi, ndipo mwina n'chifukwa chake anaona zimene ophika anzake a mkulu uja anazolowera mpaka kuleka kuziona. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kamameta pokhapokha mlendoyo akakhalitsa pang'ono pamudzi.

Zonsezi zimakula msinkhu tikachoka pa amisiri n'kufika pa mamanijala, amene makampani ambiri amafunitsitsa kusunga nzeru zawo. Henry Mintzberg wa ku Canada anachita chinthu chophweka chimene ochepa anachitapo: anatsatira akuluakulu asanu oyendetsa mabungwe, aliyense sabata imodzi, n'kumalemba chilichonse chimene ankachita. Zotsatira zake, zimene anasindikiza mu 1973, zinasiyana kwambiri ndi zimene mabuku ankaphunzitsa kuyambira kalekale, zakuti manijala amakonza mapulani, amalinganiza, amagwirizanitsa ndi kuyang'anira. Theka la zochita za akuluakuluwo silinkafika mphindi 9. Ankadumpha kuchoka pa nkhani ina kupita pa ina, ndipo nthawi yawo yochuluka inkathera pa kulankhula, pa lamya ndi pamaso. Zambiri zimene ankadalira pogamula zinali zomva m'makutu, zosalembedwa paliponse. Manijala ukamufunsa mmene amagwirira ntchito, amakuuza za m'buku zija, ndipo amakhulupirira kuti akunena zoona. Ukamutsatira tsiku lonse umaona zina.

Pa manijala palinso chifukwa china chimene chimatseka pakamwa. Mmisiri akamafotokoza za paipi alibe choopa. Manijala akamafotokoza chifukwa chimene amapatsira ngongole kasitomala uyu n'kumumana uyo, kapena chifukwa chimene sadalira lipoti la nthambi inayake, akukhudza anthu, maubale ndi malamulo a kampani amene nthawi zina amawapinda kuti ntchito iyende. Wofunsa akabwera ndi chojambulira mawu, amalandira lamulo lovomerezeka, limene lili kale m'buku la kampani. Nzeru yeniyeni, yodziwa kuti lamulolo limasiya kugwira ntchito pati, imatsala. Kuonerera nako sikukwanira pano, chifukwa ntchito ya manijala siili m'manja ngati ya wophika buledi. Ungamuone akuwerenga kalata n'kuimba lamya, koma chimene chachitika m'mutu mwake pakati pa ziwirizo suchiona.

Njira imene yathandiza kwambiri pamenepa ndi ya Gary Klein, amene m'zaka za m'ma 1980 anafufuza mmene akuluakulu a ozimitsa moto ku America amagamulira zinthu. Atawafunsa kuti amayerekeza bwanji njira zosiyanasiyana asanasankhe, ambiri ankati sasankha, amangochita. Klein anasintha kafunsidwe. Anasiya kufunsa za malamulo n'kumapempha munthu kuti asimbe tsiku limodzi lovuta, kenako n'kubwerera m'nkhaniyo kangapo, mphindi ndi mphindi: pamenepo munaona chiyani, munamva chiyani, mumayembekezera chiyani? Mkulu wina anasimba mmene analowera ndi anyamata ake m'nyumba imene inkaoneka kuti yapsa ku khichini. Anathira madzi koma moto sunagonje. Mwadzidzidzi analamula onse kuti atuluke, ndipo atangotuluka pansi pamene anaima panagumukira m'kati, chifukwa moto weniweni unali m'chipinda chapansi chimene sankachidziwa. Iye ankakhulupirira kuti anapulumuka ndi mphamvu ina yosadziwika. Pobwereza nkhaniyo pang'onopang'ono zinaoneka kuti panali zizindikiro zitatu: moto sunkamva madzi, chipinda chinali chotentha kuposa mmene moto wa ku khichini ungatenthetsere, ndipo munali zii pomwe moto wotentha chotero umalira. Thupi lake linaziphatikiza zitatuzi mutu usanazitchule. Kumeneku ndi kufunsa ndithu, koma kufunsa koyenda pa nkhani yeniyeni, kumene kumabwereka maso a woonerera. Zizindikiro zitatuzo tsopano zingaphunzitsidwe kwa ena.

Njira iliyonse imene bungwe lingasankhe, pali chinthu chimodzi chimene silingachilumphe, ndicho mtima wa katswiriyo. Cimino anali pafupi kupuma, ndipo wophika wa ku Osaka sankapikisana ndi makina a pakhomo. Onse awiri analibe chifukwa chachikulu choumirira. Munthu wa zaka 45 amene akuona kuti akamaliza kufotokoza zonse adzapatsidwa kalata yomuchotsa ntchito sangakhuthule mtima wake, ndipo palibe angamudzudzule. Kampani ya Xerox inaphunzirapo kanthu pa izi. Wofufuza Julian Orr atatsatira amisiri a kampaniyo okonza makina a fotokope, anapeza kuti nzeru zawo zambiri ankapatsirana posimbirana nkhani pa chakudya cham'mawa ndi pa nkhomaliro. M'zaka za m'ma 1990 kampaniyo inakhazikitsa Eureka, nkhokwe imene amisiri ankalembamo okha njira zimene atulukira, anzawo aluso n'kuziyesa zisanafalitsidwe, ndipo dzina la wolemba linkaikidwa pa mfundo yake. Dzinalo linkalimbikitsa anthu kulemba, ndipo popeza olembawo anali pa ntchito tsiku ndi tsiku, nkhokweyo inkakula pamodzi ndi makina atsopano.

Masiku ano kuli mapulogalamu amene amaphunzira okha powerenga malipoti, makalata ndi mafaelo a kampani, popanda munthu wolemba malamulo limodzilimodzi. Apeputsa ntchito yolemba, koma funso lakale lija silinachoke. Amaphunzira zimene zinalembedwa, ndipo kupotola kwa ufa kuja, ngakhale bata limene linachenjeza wozimitsa moto, sizinali mu faelo iliyonse.

Nditaziika pa sikelo, ndikuona kuti kufunsa ndi kulemba malamulo n'koyenera pamene ntchito ili ndi malire ooneka, mavuto ake amabwereza, zinthu zake zili ndi mayina, ndipo bungwe lili ndi anthu ndi ndalama zosamalira malamulowo chaka ndi chaka. Pamenepo kusalemba ndi ulesi, ndipo kumaika kampani yonse pa moyo wa munthu mmodzi. Kugwira ntchito pambali pa katswiri n'koyenera pamene luso lili m'kaonedwe ndi m'kagamulidwe, ndi pamene zinthu zimasintha msanga. Ntchito ya manijala ili kwambiri mbali yachiwiriyi, ngakhale ili ndi tizigawo tina tolembeka. Choncho bungwe lofuna kusunga nzeru za manijala wake liyambe msanga, zaka ziwiri kapena zitatu iye asanachoke. Limupatse munthu woyenda naye ku misonkhano ndi kumva malamya ake, ndipo munthuyo azimufunsa za nkhani zenizeni tsiku lomwelo zachitika, zisanaiwalike. Zimene zapezeka kuti n'zolembeka zilembedwe, ziyesedwe, ziikidwe mu kompyuta ndi dzina la mwiniwake. Zotsalazo, zimene zidzakhala zochuluka, zidzakhala mwa munthu amene anayenda naye uja, ndipo bungwe liyenera kumusamala munthu ameneyo ndi kumupezera nayenso womutsatira nthawi ikadalipo.